Tsiku Limene A Wotchi Anachedwa

Anthu ankangowatchula kuti a Wotchi. Anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo sanadikirepo munthu. Ngakhale mwana wawo wamkazi, ali pasukulu, anamusiya pa siteji tsiku lina chifukwa anachedwa ndi mphindi ziwiri. Ankamuona pagalasi akuthamanga ndi chikwama, koma phazi silinakhudze buleki. Nkhani imeneyi ankaikamba monyadira.

Mwanayo anakula, nakagwira ntchito ya unamwino kutsidya kwa nyanja, kutali kotulukira dzuwa. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri analemba kuti akubwera ndi kamwana kake, kamene agogo ake anali asanakaone. Ndege inyamuka teni koloko usiku, ulendo wa maola folotini osatera pena.

A Wotchi anatenga pensulo nawerengera pakalendala ya m'khitchini. "Ifika thwelofu koloko masana."

"Komatu mwana walemba kuti sikisi m'mawa," anatero akazi awo.

"Walakwitsa. Makilomita zikwi khumi ndi ziwiri pa maola eyiti? Wakwera chipolopolo? Inu masamu anu ndi a mchere ndi sopo, mayi."

Sanafunse munthu wina aliyense. Tsikulo anakametetsa, natsuka galimoto yobwereka kwa mlamu wawo, nazimitsa foni monga mwa lamulo lawo lakale lakuti pachiwongolero salankhulirapo. Anafika pabwalo la ndege leveni koloko, akudzitama mumtima kuti afulumira ndi ola lathunthu.

Anamupeza mwana wawo pabenchi pafupi ndi khomo, atavula nsapato, mapazi atatupa. Kamwana kanali katagona pasutikesi, misozi itaumira m'masaya. Mayi wina wokolopa anaimika chokolopera chake n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu bambo akewo? Foni yanga yatha moto ndi kukuimbirani. Koma mwameta bwino."

A Wotchi anasowa poyang'ana. "Ndege yafulumira?"

"Yafika pa nthawi yake, bambo," anayankha mwana wawo, mawu ali pansi. "Maola folotini ndi omwewo. Kungoti kumene ndachoka kumacha msanga. Wotchi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola sikisi."

"Nanga osangokwera takisi bwanji?"

"Munati ndikudikireni. Ine sindisiya munthu pa siteji."

A Wotchi anakana wilibala ya katundu, nasenza okha sutikesi mpaka kugalimoto, thukuta likutsikira m'kolala ya malaya atsopano. Njira yonse sanayang'ane pagalasi.

Nkhani ya mphindi ziwiri ija sanaikambenso. Mwezi utatha, akazi awo anafuna kung'amba tsamba la kalendala lomwe linali ndi masamu aja.

"Lisiyeni pomwepo," anatero a Wotchi. "Ndinalemba ndine."