Tsiku Limene Ndinalira Maliro kwa Abuda

Ndinabwera ku Handsworth, kuno kutsidya kwa nyanja, kudzalera zidzukulu, koma wofunika kuleredwa ndinapeza kuti ndi mayi wawo. Mwana wangayo ndi nesi. Nthawi ya mliri ija ankagwira ntchito mu wodi momwe anthu ankamwalira abale awo ali kunja, ndipo mliri utapita, iye mtima sunabwerere m'malo. Tulo analibe. Ketulo ikalira ankadzidzimuka. Adokotala anamupatsa mankhwala ndi tchuthi, kutchalitchi tinamupempherera, komabe ankangokhala pawindo maso ali gwa. Ine mantha anga anali oti ndidzabwerera naye ku Dedza atazungulira mutu.

Kenaka anayamba kumasowa Loweruka m'mawa. Nditamufunsa anati mnzake wa kuntchito, mayi wa ku Sri Lanka, amamutengera kwa Abuda, achipembedzo cha kwawo.

"Kukatani?"

"Kukakhala pansi, amayi."

"Pansi muno mulibe? Kapeti yonseyi ndimasesera ndani?"

Loweruka lotsatira ndinavala jasi n'kukwera naye basi, kuti ndikaone ndi maso anga anthu ofuna kundichotsera mwana kwa Yesu.

Inali nyumba wamba ya njerwa zofiira. Pakhomo nsapato zili mbwee. M'kati mipando anatulutsa, anthu akhala pansi, mitu yowerama, kuli zii. Kutsogolo maluwa ndi makandulo, pambali pake bambo wometa mpala atafunda nsalu yachikasu. Kwathu ukaona nyumba yotero sufunsa. Ndinangodandaula mumtima kuti mwanayu bwanji osandiuza kuti kwagwa zovuta. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, n'kumanga pamwamba pa jasi, n'kulowa chogwada monga mwa mwambo, n'kuyamba: "Mayo ine, mayo, watisiya ndani..."

Mwana wanga anandigwira mkono. "Amayi, mukutani? Palibe wamwalira."

"Nanga ameta awo aferedwa ndani?"

"Ndi ansembe awo. Amameta choncho masiku onse."

Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka nditalowa pansi pa kapeti. Koma palibe anaseka, palibe anandithamangitsa. Ansembe aja anatsegula maso, nafunsa mwana wanga motsitsa mawu. Atamva, anaphatikiza manja kundipatsa ulemu, nanditumizira pilo wokhalira. Ananena mawu ochepa, mwana n'kumasulira: "Akuti lirani ndithu, malo alipo. Mukatha mumvetsere mpweya wanu, mmene ukulowera ndi mmene ukutulukira."

Ine misozi inali itauma kale ndi manyazi. Amene anayamba kulira ndi mwana wanga. Chibwerere changa ndinali ndisanaone msozi wake. Analira mapewa akugwedezeka, ndipo anthu aja anangokhalabe phee, osamutonthoza, osamuyang'anitsitsa, monga timachitira pa siwa pokhala ndi namfedwa. Ndakhala pa maliro ambiri, koma anthu odziwa kukhala ndi munthu wosweka mtima ngati amenewo ndi ochepa.

Pobwerera, mu basi, ndi pamene anandiuza. Odwala ake aja akamwalira ankawatseka maso n'kuthamangira ku bedi lina. Panalibe wowakhalira pansi, panalibe wowalira. Nkhope zawo zinkamutsatira, iye n'kumazithawa. Kwa Abuda ankamuphunzitsa kusathawa: nkhope ikabwera aiyang'ane, apume, ailole ipite yokha.

"Koma kulira ndinkaopa, amayi. Ndinkati ndikayamba sindisiya."

"Wasiya bwanji nanga?"

"Njala," anatero, n'kuseka. Tinatsika n'kukagula tchipisi.

Sikuti anachira tsiku lomwelo. Mankhwala anapitiriza, ansembe omwewo anamuuza kuti asasiye, ndipo za kusiya tchalitchi sanamuuzepo. Pang'onopang'ono tulo tinabwera. Tsopano anabwerera ku mashifiti ake, ndipo akafika amakalipira ana za mbale zosatsuka ngati mayi wina aliyense.

M'mawa ana asanadzuke timakhala pansi awiri pabalaza. Iye amapinda miyendo n'kumvetsera mpweya wake. Ine maondo sandilola, ndimatambasula, ndipo mumtima ndimanena Atate wathu wakumwamba pang'onopang'ono, mawu amodzi mpweya umodzi. Loweruka lina ndimakazinga mandasi n'kupita nawo kwa ansembe aja. Ndimalawirira, chifukwa iwo dzuwa likapendeka sadya, ndipo chitenje ndimachisiya m'chikwama.