Sayirini, Agogo Doreen ndi Bodza la Tiyi

Ntchito yanga yoyamba ku Amereka anandipezera ndi mayi Gondwe, tikutuluka m'tchalitchi ku South Bend, m'dera la Indiana. Ndinali nditakhala miyezi yambiri m'nyumba, bambo a Tadala ali kusukulu, ine ndikungokolopa pokolopa kale. Mayi Gondwe anandikokera pambali, poimika magalimoto.

"Amake Tadala, mukhala choncho mpaka liti? Kuntchito kwathu akuhaya ma CNA. Mukangopasa test ya state, ine ndikakulankhulirani kwa manager. Koma muzikaklokina pa nthawi, musakandichititse manyazi."

CNA ndi wothandizira anamwino. Kunena mosapita m'mbali, ndi wosambitsa, kudyetsa, kuveka ndi kutawasa okalamba. Ine amene ndinali mphunzitsi wolemekezeka ku Mulanje ndinangovomera. Anandiika mbali ya anthu odwala matenda oiwala, pa nyumba ina yosungira okalamba kunja kwa tauni.

Ndinaphunzira kumanga lamba wogwirira m'chiuno mwa munthu ndisanamudzutse, kuti akadzandira ndigwire lambayo osati mkono, poti mafupa a nkhalamba sachedwa kuthyoka. Ndinaphunzira kumanga mabuleki a wilicheya munthu asanakhalepo, kumuveka nsapato zosaterera, ndi kumuikira patsogolo woka, chitsulo chamiyendo inayi chogwirira poyenda. Makina onyamulira munthu wosatha kuima sagwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi, pamafunika awiri. Namwino wotiyang'anira anali Tammy, mayi wolankhula mofulumira ngati akuthamangira basi. Iyeyu anandipatsa lamulo lina: "Usakangane ndi munthu woiwala. Akafunsa za amayi ake amene anamwalira kalekale, usamuuze za manda. Mufunse kuti amayi akewo amaphika chiyani."

Apa ndinaseka mumtima. Mzungu aphunzitse Mmalawi kubisa nkhani yoipa? Ife munthu ali kayakaya timati akupezako pang'ono. Maliro atachitika kale timaimba foni n'kunena kuti matenda akula, bwerani. Ndiye munthu wamkulu sitimuuza choopsa maso ndi maso, timazungulira kaye. Ndinatenga lamulo la Tammy n'kuthirako zakwathu, moti chilichonse kwa ine chinali "palibe vuto".

Okalamba onse ankandimvera, kupatula agogo Doreen. Iwowa anali Mngelezi wa ku London, amene anakwatiwa ndi msilikali wa ku Indiana nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ankaiwala kuti adya, ankaiwala dzina langa, nthawi zina ankaiwala ndi mwana wawo yemwe, amene ankabwera kuchokera ku Indianapolis Lamlungu. Koma nkhondo anali nayo yonse m'mutu. Ndikamawapesa tsitsi pampando wawo wapawindo, ankandifotokozera za atsogoleri awiri a dziko lawo, ngati anthu oti angotuluka m'chipindamo.

"Woyambayo anali waulemu," ankatero. "Anapita kukakambirana ndi mdani, n'kubwera ndi pepala m'manja, akuti mtendere. Amayi anga anavina. Patangotha chaka tinali titanyamula zophimba kumaso zoteteza ku utsi wakupha, mng'ono wanga atamukweza sitima kupita kumudzi kwa anthu osawadziwa."

Wachiwiri uja, amene anatenga mpando zinthu zitaipiratu, agogo sankamukonda kwenikweni. Ankati anali waliuma, wokonda mowa ndi fodya. Nduna zina zinkafuna kuti apemphe mtendere adani asanawoloke nyanja, anakangana masiku angapo, iye n'kugamula kuti amenyabe nkhondo. "Koma atalankhula pa wailesi sanatinyengerere. Anatiuza kuti zavuta, ndipo zivuta kuposa apa. Usiku umenewo ndi umene ndinagona tulo." Ankasekanso kuti boma lomwelo linaletsa anthu kubisala mabomba m'masiteshoni a sitima zapansi, anthu n'kumagula matikiti, kulowa ndi mabulangete osatulukanso, mpaka boma linagonja n'kubweretsa mabedi.

Ine pa Angelezi ndinali ndi changa kumtima. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawauza kuti agogo anga aamuna anatengedwa ku Nyasaland kukamenya nkhondo yomweyo kutali, ndipo palibe mtsogoleri wa ku London anawauza chilichonse pa wailesi. Agogo Doreen anati, "Zimenezo ifenso sanatiuze." Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwakonda, ngakhale iwo mawa lake anali ataiwala.

Ku Indiana kuli tonedo, kamvuluvulu wamkulu wozula mitengo ndi madenga. Ikayandikira, sayirini yochenjeza anthu m'tauni imalira. Amailizanso masiku ena pongoiyesa, ndipo ikalira agogo Doreen ankauma thupi lonse, maso kudenga. Ndinkawagwira dzanja n'kunena kuti akungoyesa, iwo n'kumasuka.

Tsiku lovutalo linali lotentha, masana, tangomaliza kudyetsa. Kumwamba kunasanduka kobiriwira, mtundu umene sindinauonepo chibadwire. Mafoni athu onse analira nthawi imodzi, sayirini n'kutsatira. Tammy anafuula pakhonde la m'kati kuti, "Iyi ndi yeniyeni! Aliyense kutali ndi mawindo!"

Dongosolo tinkalidziwa. Kutseka makatani, kutulutsa aliyense m'chipinda, kuwandandika pakhonde la m'kati lopanda mawindo, kumanga mabuleki, kuwafunditsa mabulangete ndi mapilo kumutu, kutseka zitseko. Ndinatulutsa anthu anga onse bwinobwino. Anatsala agogo Doreen, pampando wawo uja, mphuno pafupi ndi galasi, kunja kuli mtengo waukulu ukuwerama.

Ndinalowa ndikumwetulira. "Palibe vuto agogo, akungoyesa. Tiyeni tikamwe tiyi pakhonde."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana manja anga.

"Tiyi ndi amene akukunjenjemeretsa manja chonchi?"

"Ayi agogo, ndi kamphepo chabe."

"Wabwera ndi pepala m'manja iwe," anatero. Anagwira mikono ya mpando zolimba. "Sindipita kulikonse ndi munthu wonama."

Ndinayesanso, ndikuwonjezera ulemu ndi mabisiketi. Anatembenuzira nkhope kuwindo. Kuwakoka sindikanatha, chifukwa nkhalamba yokana ukaikoka imagwa, ndipo chiuno chikathyoka pa msinkhu umenewo ambiri sadzukanso. Makina onyamulira ankafuna anthu awiri, koma Tammy anali kumapeto kwa khonde akulumikiza bambo wina ku botolo la okosijeni, magetsi atayamba kuphethira. Matalala anayamba kumenya galasi. Ndinachita mantha enieni, mantha oti mayiyu afera m'manja mwanga ine ndikumwetulira.

Ndinagwada monga timagwadira kwa akulu, koma zimene ndinanena sizinali zakwathu.

"Agogo, ndinanama. Sakuyesa. Kukubwera chimphepo choopsa, chitha kuswa windo ili, chithanso kuchotsa denga. Sindikudziwa ngati chitigunde kapena chitiphonye. Ndikuchita mantha. Malo abwino ndi pakhonde, ndipo tiyenera kupita pompano."

Nkhope yawo inamasuka ngati ndawauza nkhani yabwino.

"Akulamula ndani pano?"

Ndinayang'ana kukhomo, kunalibe wina. "Ndine."

"Ndiye lamula, mtsikana iwe. Nsapato zanga zili kuti?"

Ndinawaveka nsapato, ndinamanga lamba, ndinaika woka patsogolo. Anaimirira nthawi yomweyo, chinthu chimene masiku ena chinkatitengera kunyengerera kwambiri. Tinayenda pang'onopang'ono, dzanja langa lili pa lamba, iwo akundiuza kuti ndisathamange chifukwa othamanga ndi amene amagwa pamasitepe. Nditawakhazika pakhonde ndinabwerera kukakoka chitseko. Ndisanachotse dzanja pa chogwirira ndinamva kuphulika m'chipindamo, mphepo n'kukankha chitseko ngati munthu.

Magetsi anazima. Anthu ena anayamba kulira. Mumdimamo ndinamva mawu a agogo Doreen akuuza mayi woyandikana naye kuti afunde kumutu, kuti phokoso ukalimva ndiye kuti ukadali moyo. Kenako anayambitsa nyimbo yawo yakale, osaimba bwino n'komwe, ndipo ena anailandira. Ine ndinalibe mawu ake, ndinangong'ung'udza ndikuwerenga mitu ndi tochi. Onse analipo.

Tonedo yeniyeniyo inadutsa patali ndithu, ife tinangolawa mphepo yake. Titatsegula chipinda cha agogo tinapeza mtengo uja utagwa, nthambi yake italowa pawindo, magalasi ali mbwee pampando, ena atabaya khushoni pamene pamakhala mutu wawo. Tammy anayang'ana mpandowo, n'kundiyang'ana ine. "Unawatulutsa bwanji? Ine amandikanira ngakhale mankhwala."

"Ndinawauza zoona."

"Hm," anatero. "Usazolowere kwa aliyense. Koma kwa awa, usasiye."

Madzulo mayi Gondwe anandiimbira. "Ndamva munahandula bwino situation. Ndiye muziapulaya za unesi, amake Tadala, musakalambire pa ma diaper." Ndinawamvera. Lero ndine namwino ku Indianapolis, ndipo atsikana atsopano, ena ochokera kwathu komwe, amadutsa m'manja mwanga. Lamulo la Tammy ndimawaphunzitsa, chifukwa ndi lachifundo: palibe phindu kuuza munthu woiwala za maliro a amayi ake tsiku ndi tsiku. Ulemu wakwathu ndimawauzanso kuti asautaye. Koma ndimawonjezera chimene ndinaphunzira kwa agogo Doreen, kuti ukafuna munthu aimirire n'kukutsata pa nthawi yoopsa, umuuze kukula kwa vutolo, umuuze chimene wagamula, ndipo ukhale naye. Munthu angaiwale dzina lako, koma mantha obisika amawaona m'manja.

M'mawa mwake mwa tsiku lija ndinawapeza agogo m'chipinda china chimene anawasamutsira. Sanandidziwe. Anaumirira kuti akaone chipinda chawo chakale, ndiye ndinawamanga lamba n'kupita nawo. Anaima pakhomo, akuyang'ana thabwa limene anakhoma pawindo.

"Anatiphulitsa usiku?"

Lilime langa linali litanyamuka kale kuti linene kuti palibe vuto. Ndinaligwira.

"Chinali chimphepo, agogo. Windo lasweka, mtengo wagwa, mpando wanu watayidwa."

"Tataya angati?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Ndiye tapambana," anatero, akutembenuza woka yawo. "Tsopano kabweretse tiyi uja."