Mtengo wa Boma unkafota m'manja mwanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5 ku Bangwe, pamene galimoto ya a zankhalango inadzatsitsa mbande za bulugamu pasukulu pathu. Zinali m'timachubu takuda, masamba ake akununkhira ngati mankhwala a chimfine. Ahedi anatiimika padzuwa n'kutiuza kuti ameneyu sanali bulugamu wamba wa nkhuni. Njere zake zinatengedwa ku mtengo umodzi wosankhidwa, wowongoka ndi wokula msanga, ndipo Boma linkafuna mitengo yotere kuti tsiku lina dziko lathu lizidzapanga lokha mapepala.

Mwana aliyense anapatsidwa mbande yake ndi dzenje lake.

"Mayi wa mitengo yonseyi ndi mmodzi," anatero ahedi. "Wina ukafota, vuto si mtengo. Tidzadziwa kuti kwawo kwa mwana ameneyo sakonda chitukuko."

Masiku amenewo mawu otere sanali ocheza. Bambo anga, amene anachoka ku Nsanje kudzagwira ulonda ku Limbe, anali atagonapo kale kupolisi atapezeka pamsika opanda khadi la chipani. Chiyambire pamenepo, galimoto ikangoima pafupi ndi nyumba yathu, amayi ankadukiza nkhani pakati.

Dzenje langa linali mumzere wa kumtunda, kumene phiri limayambira. Mvula itatha, mitengo ya anzanga a kumunsi, kufupi ndi mpopi, inali itawafika m'chiuno. Wanga unkalekeza m'bondo, masamba achikasu, nsonga zake ngati zawauka ndi moto. M'mawa uliwonse ndinkakwera ndi chitini cha madzi pamutu. Ndinathira ndowe za mbuzi, ndinawaza phulusa kuopa chiswe, koma ayi ndithu. Lamulungu ku Misa anzanga akupempherera mayeso, ine ndinkapempherera mtengo.

Kenako ahedi analengeza kuti tcheyamani wa chipani abwera ndi bwana wa zankhalango kudzayendera mitengo. Chakudya chinasiya kulowa. Amayi atandipanikiza, ndinawafotokozera zonse ndikulira. Loweruka masana anatenga khasu, tinapita kusukulu kulibe anthu. Anakumba pambali pa mtengo wanga, ndipo asanapite patali khasu linalira ngwe!

"Rozina mwananga, pansi apa pali thanthwe. Ngakhale utathira madzi onse a mu Shire, sungakule."

"Ndiye mukawauze ahedi, amayi."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kukwirira dzenjelo msangamsanga, kupondaponda kuti pasaoneke.

"Ahedi amauzidwa ndi ndani? Tiye kunyumba."

Tsikulo litafika, aliyense anaima pambali pa mtengo wake. Tcheyamani anali patsogolo, baji ili pachifuwa, anyamata achipani a malaya ofiira ali pambuyo pake. Bwana wa zankhalango anali wamfupi, wa nsapato zafumbi, ndodo yoyezera ili m'manja. Anayambira kumunsi, kumene kunkamveka kuseka ndi kuyamikira. Kenako anayamba kukwera kulunjika mzere wathu.

Atafika kwa ine, bwana wa zankhalango uja ananjuta, anayeza mtengowo, n'kupalasa dothi ndi chala.

"Umathirira?"

"Eee bwana, tsiku lililonse."

"Zikuoneka. Pakanapanda iwe ukanauma kalekale."

Anadzuka n'kutembenukira kwa tcheyamani. "Izi ndi zimene timafuna kudziwa. Tinabzala mbewu imodzi m'malo osiyanasiyana mwadala. Mtundu uwu ukufuna dothi lakuya. Pamiyala ngati pano tidzayesa mtundu wina, wopirira, ngakhale uli wochedwa kukula."

Tcheyamani anagwedeza mutu ngati ankadziwa kale. Ahedi anayamba kuwomba m'manja, nafenso tinawomba. Palibe anandifunsa dzina la bambo anga, palibenso anapepesa.

Ndinathamanga mpaka kunyumba. Ndinapeza bambo atakhala pakhonde, atavala malaya awiri ndi juzi dzuwa likuswa mtengo, monga ankachitira anthu oyembekezera kutengedwa ndi apolisi. Ndinawauza zonse. Anangovula juzi ija, n'kupempha amayi madzi akumwa.

Panopa ndakalambira pa ntchito ya uphunzitsi. Ndinamvetsa pambuyo pake kuti mbewu imabwera ndi zake, malo nawo amawonjezera kapena kulanda, ndipo woona masamba okha sangadziwe chimene chalakwika. Mwana akamatsalira m'kalasi pamene mkulu wake ankakhoza bwino, sindithamangira kunena makolo ake. Ndimayamba ndafunsa kumene akugona ndi chimene wadya. Koma chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti banja lathu linakhala miyezi ingapo mtima uli m'mwamba chifukwa cha mwala umene amayi anaupeza ndi khasu, ndipo m'mudzi monse munalibe munthu amene tikanalimba mtima kumuuza.