Malo a patsogolo

Kwathu ku Utale kuli bambo ena okalamba amene salola munthu kuwatsogolera panjira. Kaya tikupita kutchalitchi, kaya kumaliro, iwo amakhala patsogolo, maso ali pansi, ndodo ikugogoda nthaka. Kale anali msilikali, m'gulu lomwe linkalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Masiku ano miyendo yawo inalema, ndiye tonse timangokwawa pambuyo pawo tikung'ung'udza. Ukafuna kuwapitirira amatambasula ndodo n'kunena kuti, "Dikirani, nditsogole." Anthu amati ndi matama a usilikali, ndipo inenso ndinkatero.

Sabata yatha ndinawapeza m'kanjira kopita kumsika, ine nditasenza dengu la chinangwa, dzuwa likuswa mtengo. Mtima unandipsa.

"Agogo, nkhondo inatha kalekale. Tapatukani ndidutse."

Anaima, koma sanapatuke.

"Iyayi, mwanawe. Tsiku lina kunjanji kuja, woyenera kuyenda patsogolo ndinali ine. Chingwe cha nsapato chinamasuka, ndinawerama kuti ndimange. Mnzanga Abdulrahim wa kwa Kawinga anati, 'Manga bwinobwino, ndikuyambira.' Sanafike patali. Anaponda bomba lokwirira pansi. Zomwe tinatola zinakwana m'chikwama changa."

Anayang'ana nsapato zawo. M'pamene ndinaona kuti zilibe zingwe.

"Malo anga ndinapatsa munthu kamodzi," anatero. "Sindidzabwerezanso."

Ndinafika kumsika ogula atabalalika, ndikuyendabe pambuyo pa agogowo.