Chithunzi Chimene Ndinawajambula Amayi Mobisa

Inu owerenga, ine ndinachititsa manyazi amayi anga ondibereka, ndipo ndinatero ndi ntchito imene ndimaikonda kwambiri pa moyo wanga. Ndalemba izi kuti wina amene ali ndi luso ngati langa asadzalire mmene ndaliririra ine.

Kwathu ndi ku Namitambo. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndiye ine ndi achemwali anga tinaleredwa ndi khasu la amayi. Chaka chimene dziko lino linasankha boma la zipani zambiri, amalume anabwera kuchokera ku Joni ndi kamera yakale. Anandipatsa poona kuti sukulu yandikanika. Ndinayamba kuyendayenda pa njinga, kujambula maukwati, ubatizo ndi ana ovala yunifomu yatsopano. Filimu ikadzaza ndinkakwera minibasi kupita ku Limbe kukatsukitsa.

Ku Limbeko ndinazolowerana ndi mkulu wina wotsuka zithunzi. Tsiku lina ananditengera m'chipinda chake chamdima, n'kuviika pepala loyera m'mankhwala. Ndikuyang'ana choncho, nkhope ya munthu inayamba kutulukira pang'onopang'ono papepalapo. Kuyambira tsiku limenelo zithunzi za anthu oima njo, atagwira duwa, zinayamba kunditopetsa. Ndinkafuna zithunzi zikuluzikulu, zakuda ndi zoyera, zoti munthu aike m'felemu n'kumaziyang'ana osatopa nazo. Ndinajambula phiri la Chiradzulu litafunda nkhungu, mapazi a opalasa njinga ku Mbombwe, manja a anthu osenda nandolo. Mkulu uja anandiphunzitsa kusankha pepala labwino ndiponso kudikira kuwala kwa dzuwa ngakhale maola atatu chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Amayi ankandipempha chinthu chimodzi chokha. Ankafuna ndiwajambule atavala yunifomu yawo ya amayi a kutchalitchi, bulauzi yoyera ndi duku, zimene ankazisita okha ndi simbi ya makala.

"Iwe umajambula anthu a dziko lonse, ine udzandijambula liti?" ankatero akuseka.

Ine ndinkangoti Lamulungu likubwerali. Ma Lamulungu anapita ambirimbiri. Kunena zoona, mumtima ndinkaona ngati chithunzi chotero n'chachimidzi, chosayenera luso langa.

M'mawa wina ndinawaona akuchokera kumunda, dengu la nandolo lili pamutu, malaya atang'ambika paphewa, thukuta likuwala pakhosi. Dzuwa linali kumbuyo kwawo. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuwajambula, iwo osadziwa. Nditatsuka chithunzicho, mkulu wa ku Limbe uja anati chimenechi n'choposa zonse zimene ndinajambulapo. Patapita miyezi, chinapachikidwa pakhoma pa chionetsero cha zithunzi ku Blantyre, chachikulu ngati chitseko cha kabati. Anthu ophunzira ankaima pamaso pake n'kumandigwira chanza. Amayi sindinawauze kanthu.

Tsoka ilo, nyuzipepala ina inasindikiza chithunzicho, pansi pake n'kulembapo mawu onena za umphawi wa amayi akumudzi. Pepalalo linafika kwathu, ndipo linayenda m'manja mwa anzawo a amayi pa msonkhano wawo wa kutchalitchi wa Lachinayi. Amayi sankadziwa kuwerenga, mawuwo anachita kuwerengeredwa pagulu.

Achemwali atanditumizira uthenga ku Limbe, ndinapita kumudzi. Ndinawapeza amayi ali pakhonde, pepala lija atalipinda pamiyendo. Sanakalipe ayi, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Mwana wanga, zovala zabwino ndili nazo, zina unandigulira ndiwe. Bwanji sunandiuze kuti ndisambe kaye?"

Ndinayamba kulongosola za luso, za kuwala, ndi kuti anthu a m'tauni akuyamikira kwambiri.

"Akuyamikira ine kapena iwe?" anafunsa motsitsa mawu.

Komabe sindinapepese. Ndinabwerera ku Limbe, kumene ndinali nditayamba kukhala, ndikudziuza kuti tsiku lina adzamvetsa. Achemwali anandiuza kuti amayi asiya kupita ku msonkhano wa Lachinayi, ine n'kungoti zidzatha zokha.

Inu owerenga, nthawi imene ndinkaganiza kuti ndili nayo sinalipo. Chaka chisanathe amayi anagwa ali kumunda. Anadwala matenda opha ziwalo, dzanja lamanja ndi mwendo zinaleka kugwira ntchito, pakamwa n'kupotokera mbali imodzi. Atatuluka m'chipatala ndinathamangira kumudzi ndi kamera. Ndinapempha achemwali kuti asite yunifomu ija. Amayi ataona zimene ndikufuna, anatembenukira kukhoma.

"Nkhope ija inapita," anatero movutikira. "Ika pansi chinthucho, undidyetse."

Ndinaika kamera pansi n'kutenga mbale ya phala. Misozi inkagwera m'mbalemo. Pamenepo m'pamene ndinapepesa, ndipo iwo anandigwira khutu ndi dzanja lamanzere, monga ankachitira ndili mwana ndikalakwa.

Ndinakhala kumudzi miyezi yambiri, kuwanyamula kupita nawo padzuwa ndi kuwabwezera m'nyumba. Tsiku lina anandiuza kuti akufuna kuona chithunzi chenichenicho, osati cha m'nyuzi. Ndinakachitenga ku Limbe n'kuchiimika patsogolo pawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akusisita dengu la papepalapo ndi chala.

"Koma nandolo anabereka chaka chimenecho," anatero, n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Tinaseka tonse atatu mpaka achemwali anayamba kulira.

Amayi anamwalira m'nyengo ya mvula yotsatira. Maliro atatha, amayi anzawo a kutchalitchi anabwera kudzandipempha chithunzi cha mnzawo choti azimukumbukira nacho. Anali otsimikiza kuti mwana wojambula ali nazo zambiri. Ndinangoweramitsa mutu. Ndinali ndi mabokosi odzaza nkhope za anthu osawadziwa, koma cha amayi anga chinali chimodzi chokha, chimene chinawachititsa manyazi chija.

Mpaka lero ndimajambula, ndipo mtima umagundabe pepala likayamba kutulutsa nkhope. Koma sindikwezanso kamera ndisanafunse munthu kuti akufuna aoneke bwanji. Ndikatsuka chithunzi, woyamba kuchiona ndi mwini nkhopeyo, ndipo akakana ndimaching'amba ngakhale chikongole chotani.

Inu amene muli ndi luso, kaya lojambula, loimba kapena lolemba, kumbukirani kuti anthu amene mukuwaika m'ntchito zanuzo ali ndi manyazi awo ndi ulemu wawo. Apempheni kaye. Ndipo ngati kholo lanu lakupemphani kanthu kakang'ono kamene manja anu angathe, musati n'kachimidzi, musatinso Lamulungu likubwerali. Nyamukani mukachite lero, akadali ndi mphamvu yoimirira ndi kudzimangira duku okha.