Munafunsa Dziwe, Simunafunse Madzi

Ndinalipira makwacha makumi anayi ndi awiri kuti atate akalowe m'dziwe lopanda madzi. Werenganinso bwino. Sindinalakwitse kutayipa, kutayipa ndiye ntchito yanga.

Ndimagwira pa ofesi ina ya boma ndipo ndimakhala ku Kabwata. Hotelayo sinditchula dzina. Mukuidziwa, ndi ija ya m'tauni ili ndi mikango iwiri ya simenti pachipata, wina wothyoka khutu.

Atate anadwala sitiroko nthawi yozizira. Mbali ya kumanzere inafooka, pakamwa panapindika, mawu amatuluka awiri atatu basi. Adokotala sanandibisire. Anati aziyenda m'madzi ofika pachifuwa, chifukwa madzi amanyamula thupi ndipo mwendo umaphunziranso. Anati ndikachedwa mwendowo uuma, atate sadzayendanso.

Ndiye ndinayamba kusankha mahotela ngati mkazi wa nduna. Anzanga akapita pamzere wa mafuta ophikira nthawi ya nkhomaliro, ine ndinkapita kukafunsa za maiwe osambiramo. Ku dziwe la anthu onse ana asukulu amadumphirana pamutu. Hotela ya njira ya ku Kabulonga ili ndi makwerero achitsulo oimirira, ndipo munthu wa mwendo umodzi angatsike bwanji? Inatsala ya mikango. Imeneyo ndinkaidziwa osaiona. Ndinakula ndikumva za masitepe ake asanu ndi awiri otakata, ndi chitsulo chogwirira cha kudzanja lamanja. Atate anali mmisiri womanga. Matailosi a dziwe limenelo anayala ndi iwo nthawi ya atsamunda, ndipo tsiku limene madzi anathiridwa ndilo analandira malipiro awo n'kuperekezedwa kuchipata.

Loweruka loyamba tinafika itangokwana naini koloko m'mawa. Dziwe lili kuseri kwa mpanda wautali, ndipo pachitseko chake pamakhala mlonda.

“Malezidenti chabe, ba sisi,” anatero.

Sindinadandaule. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa chitupa changa chobiriwira ndi cha atate, n'kuwonjezapo khadi la Chipani. Ndinamuuza kuti atate akhala mu Lusaka muno iye asanabadwe. Ngati lezidenti alipo m'dziko lino, ndi awa.

Anaseka mpaka chisoti chinagwa. Anaitana mnzake kuti adzamve. Kenako anandilongosolera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa Giredi Wani, kuti lezidenti ndi munthu amene walipira chipinda m'hotelamo. Kukhala m'dziko sikuwerengedwa. Ndinachita manyazi, sindinama. Atate anangoyang'ana chitseko. Chikwangwani cha nthawi ya atsamunda chinasintha mawu, koma iwo anali ataima mbali yomwe ija.

Lolemba ndinabwerera ndekha. Pamalo olandirira alendo panali mayi wa wigi yaikulu, akupala zikhadabo. Ndinamufunsa ngati dziwe lilipo. Anati lilipo. La masitepe lija? Lomwelo. Nanga jimu, chipinda chochitira masewera olimbitsa thupi? Iliko. Ndinamuuza kuti ndikubweretsa atate anga odwala, ndinapempha kuti ndisuzumireko kaye, iye anati n'za malezidenti okha. Ndinatulutsa ndalama za chilimba, zija timasonkherana mosinthana, zimene anzanga a kuofesi anali atangondipatsa, ndinalipira chipinda cha usiku umodzi wa Loweruka. Kuchoka pamenepo ndinapita kukawagulira atate kabudula wabuluu.

Loweruka lachiwiri tinafika thuu koloko monga anatiuzira. Atate anavala kabudulayo mkati mwa buluku lawo la kutchalitchi. M'basi yonse ankangogwiragwira lamba, nkhope itawala ngati ya mwana tsiku la Khirisimasi. Tinadikira makiyi mpaka teni pasiti filii. Akuti chipinda anali kukonza. Tinali ndani ife kuti tifulumize anthu?

Mlonda uja ataona makiyi anachita sawasha. Anatsegula chitseko ndi manja awiri.

Dziwe linalipodi. Masitepe asanu ndi awiri analipo, chitsulo chogwirira chinalipo. Pansi panali masamba ouma, botolo losweka ndi buluzi akuothera dzuwa. Ngakhale dontho.

Sindinakuwe. Ndinakhazika atate pabenchi n'kupita kukaona jimu, chifukwa ndinali nditalipiranso imeneyo. Munali mipando yosanjikiza ya msonkhano wa akuluakulu a Chipani, makatoni a mabotolo opanda kanthu, ndi njinga imodzi yopanda tcheni. Kapena kunyamula mipandoyo ndiwo masewera ake?

Nditapita kukadandaula, mayi wa wigi sanakweze n'komwe mutu.

“Manje ba sisi, imwe munafunsa ngati pulu iliko. Siiliko? Za manzi simunafunse.”

Ndinapempha kuonana ndi amanijala. Anatuluka patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu, atavala suti ya safari, akutokosa m'mano. Ananditchula kuti komuledi. Anati pampu inafa kalekale, chitsulo chake chimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja kulibe. Anati tonse tiyenera kumanga malamba. Ndinayang'ana lamba wawo, anali pa bowo lomaliza, mimba itasefukira. Za kubweza ndalama anati n'zosatheka popeza makiyi ndinali nditalandira kale. Koma pondimvera chisoni anati m'chipindamo muli bafa, madala angathe kuviika miyendo. Ndinafunsa ngati m'bafamo muli madzi. Apa ndiye ndinali nditaphunzira kufunsa. Anati amabwera m'mamawa, akabwera.

Ndinabwerera kudziwe. Pabenchi panali buluku lopindidwa bwinobwino ndi nsapato ziwiri. Atate panalibe.

Anali pansi. Anatsika chokhala, sitepe imodzi imodzi, mpaka anafika. Ndinawapeza ataima m'kabudula wawo watsopano, atatsamira khoma, dzanja lamoyo likusisita matailosi.

“Naphiri,” anandiitana. “Palibe yachoka.”

Zoona, palibe tailosi inachoka. Kenako anaika dzanja pachifuwa, pamene madzi akanafika, n'kuyamba kuyenda monga adokotala ananenera. Ankakweza mwendo wakufa uja, kuukoka, kuutsitsa. Ndinawerenga mapazi anayi. Pa lachisanu mwendo unakana, anakhala pansi pa masamba. Panalibe chowanyamula.

Kukwera sanathe. Anawatulutsa ndi mawetala awiri, wina kumikono wina kumiyendo. Tinabweza makiyi twente tu sikisi. Tinakhala malezidenti maola awiri ndi theka.

Anthu amandifunsa ngati ndinalira. Ayi. Mkwiyo ndinali nawo m'basi, koma pofika ku Kabwata unali utatha, ndipo mpaka lero palibe chinabwera m'malo mwake. Ndimadzuka, ndimawasambitsa, ndimapita kukatayipa makalata a anthu ena. Chilimba changa chidzabweranso anzanga asanu ndi awiri akalandira, ndipo mwendo sudikira chilimba. Wayamba kale kuuma pabondo. Sabata yatha adokotala anaupinda, anauwongola, koma bondo linakana.

Eni hotela ya mikango, ndili ndi mafunso atatu okha. Mlonda wanu amalonda chiyani pachitseko chija, buluzi? Mayi wanu uja, pamene ankalemba risiti, atamva ndi makutu ake kuti ndikubweretsa munthu wodwala, lilime linalemera bwanji kunena kuti madzi mulibe? Ndipo amene anayala matailosi anu ayenera kukhala ndani kuti alowe m'madzi ake, popeza kukhala mwini dziko sikunakwane, kukhala lezidenti sikunakwanenso?

Inu anzanga a ku Chilenje, Chelstone ndi kwina konse, mukamasankha hotela musafunse ngati dziwe lilipo. Adzakuuzani zoona. Funsani ngati muli madzi, ndipo musatulutse ngwee musanaviikemo chala chanu.

Kabudula uja ali pamsomali kuseri kwa chitseko. Sananyowepo. Loweruka lililonse m'mawa atate amamuloza ndi dzanja lamoyo, n'kundifunsa mawu amodzi okha.

“Athiramo?”