Tsiku Lomwe Ndinakhala Makutu a Ababa

Ndikukumbukira nthawi ija zipani zitangochuluka, aliyense wokhala ndi galimoto akuyesa matola. Ababa anali ndi pikapu yakale yomwe anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo ndi yomweyo inkatidyetsa. Koma inali itayamba ulesi. Ikafika pa chitunda chotulukira kwathu ku Msakambewa inkatsokomola, okwera n'kutsika kukakankha akunyinyirika. Anthu anayamba kudikira magalimoto a ena.

Tsiku lina Ababa anabwera ndi kabokosi kakuda ka mawaya. Anati kalowa m'malo mwa mapointi, tizitsulo tothethetsa moto wa injini, ndipo ndi iko kazilamula nthawi yomwe moto uzifika ku mapulagi. Anazula disitibiyuta, chida chogawa motowo ku mapulagi, n'kundionetsa tizitsulo tiwiri ta m'kati mwake, tomwe timatambasuka injini ikathamanga kuti moto ufulumire. Anakatiwotcheretsa ku Mponela kuti tisasunthenso, poti atambala awiri salira m'khola limodzi. Ine, kamtsikana ka Sitandade 5, ndinkangodumphadumpha ngati galimotoyo ndi yanga.

Chinatsala n'kupotoza disitibiyutayo mpaka moto ukhale pa nthawi yake. Kwathu kunalibe makina oyezera. Ankayeza ndi khutu, pa chitunda, galimoto italemedwa. Moto ukafulumira kwambiri, injini imalira ngati timiyala m'chitini, ndipo ukaumirira imaphwanyika m'kati. Choncho Ababa anaitana anthu kuti akwere ulele. Za ulele ndani angakane? Kumbuyo kunadzaza, ena atapachikika m'mbali.

Ine anandikhazika kutsogolo. Atatseka chitseko anandiuza motsitsa mawu: “Naphiri, ukamva timiyala undigwire mkono. Usaope munthu.”

Pikapu ija inanyamuka ngati yatsopano! Mtima wanga unali dyokodyoko, mphepo ikundimenya kumaso. Kumbuyo anayambitsa nyimbo ya chipani, akuomba m'manja ndi kumenya denga. Titayamba chitunda ndinamva kanthu mu injini, koma nyimbo inakamiza. Ndinatchera khutu, osatheka. Ndinayang'ana Ababa, iwo akungomwetulira, phazi lili pa mafuta.

Ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse: “Takhalani chete inu!”

Kwathu mwana sauza akulu mawu amenewo. Kunangoti zii. Ndipo mu zii momwemo ndinatimva bwinobwino timiyala tija, tikugwedera. Ndinawagwira mkono.

Anaima pomwepo, anyamata n'kuika mwala kuseri kwa tayala. Akutsegula boneti, mayi wina wachikulire analusa: “A Phiri, mwana ameneyu mwamulera bwanji?”

“Ndamutuma ndine, mayi,” anatero Ababa, akubweza disitibiyuta pang'ono n'kumanga ndi sipanala.

Tinabwerera kumunsi kukayambiranso. Ulendo uno gulu lonse linali chete ngati m'tchalitchi, maso ali pa ine. Injini inakoka mosalala mpaka pamwamba, yosatsokomola ngakhale kamodzi. Nthungululu yoyamba anaimba mayi anandikalipira aja. Sindinasangalalepo chotero chibadwire.

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti anandisankha pofuna kungondisangalatsa. Ndinadziwa zoona ndili wamkulu, Ababa atatisiya. Amayi anandiuza kuti makina obowolera miyala mu mgodi anawaononga makutu, ndipo ankabisa, poopa kuti anthu angaleke kukwera galimoto ya munthu wosamva bwino. Timiyala tija sanatimve n'komwe. Anaika chakudya cha banja lonse pa khutu la mwana, ndipo nditawagwira mkono sanafunse kawiri.